Mphamvu za Wopalasa Zisathere Pachitunda

Pali chitamando china chimene ife anthu a kuno ku Songani timachipereka mosaganiza bwino, ndipo ndifuna kunena poyera kuti chitamandocho chawononga maondo ndi zifuwa za anyamata ambiri amene akadatha kudyetsa mabanja awo kwa zaka zochuluka. Tikaona mnyamata wa kabaza atanyamula mayi pamodzi ndi dengu lawo la tomato, nakwera chitunda chonse osatsika, ataimirira pa mapedulo, njinga ikupendekera uku ndi uku, mitsempha ya m'khosi itatupa, timamuombera m'manja n'kumati uyu ndiye mwamuna. Koma tikaona bambo wachikulire amene watsika pakati pa chitunda chomwecho namakankha njinga yake mwakachetechete, timayang'ana kumbali monga ochita naye manyazi. Ine ndikuti mwa awiriwa wodziwa ntchito ndi wachikulireyo, ndipo umboni wanga ndiutenga kutali, kwa anthu opalasa njinga pa mpikisano wotchedwa triathlon, amene anaphunzira ndi zowawa zambiri chinthu chimene akuluakulu athu a m'njira ya ku Chilwa anachidziwa kale popanda wowalembera m'buku.

Tiyambe ndi dziko lenilenilo, pakuti wosadziwa mtunda sangaweruze wopalasa. Nyanja ya Chilwa ili m'chigwa, pa mamita oposa pang'ono 600 kuchokera pa nyanja yamchere. Mzinda wa Zomba uli pamwamba pake ndi mamita pafupifupi 300. Ndipo nsonga ya phiri la Zomba imapitirira mamita 2,000. Chotero munthu amene wapikula matemba, makumba kapena milamba padooko m'bandakucha, kapena wamanga matumba a mpunga wa m'madambo a Domasi, ulendo wake wopita kumsika ndi wokwera, chinkana kukwerako kumayamba mobisika, m'njira zamchenga zimene maso amati n'zosalala pamene miyendo ikumva zina. Akatulukira pa msewu wa tala wa M3, umene pochoka ku Zomba umadzera pa Chinamwali, pa Songani ndi pa Domasi kunka ku Malosa, ku Machinga mpaka ku Liwonde, amakumana ndi vuto la mtundu wina, pakuti msewuwu umayenda m'tsinde mwa mapiri, nuoloka mitsinje yotsika kumtunda monga Naisi, Songani ndi Domasi, kotero kuti wopalasa amatsetserekera pamlatho, nakwera, natsetserekanso, nakweranso, osapeza mtunda wautali woti miyendo ikhazikike pa kayendedwe kamodzi. Ndipo nyanjayi, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ikayamba kubwerera m'mbuyo dooko limasunthira kutali, ulendo nutalika, chonsecho miyendo ndi yomweyo.

Tsono triathlon ndi mpikisano umene munthu mmodzi amasambira, napalasa njinga, nathamanga, zonsezi motsatana popanda kupumira pakati. Unayamba mu 1974 ku San Diego m'dziko la America, ndipo mu 1978, pa chilumba cha Oahu ku Hawaii, anthu 15 anayesa mtundu wake wautali umene umatchedwa Ironman, wa makilomita 3.8 osambira, 180 opalasa ndi 42 othamanga; anamaliza ndi 12, ndipo woyamba wa iwo, Gordon Haller, anatha maola pafupifupi 12. M'masewero a Olympic mpikisanowu unalowa mu 2000 ku Sydney, ndi mitunda yofupikirapo. Chimene ndautchulira m'nkhani ya anthu a kabaza ndi ichi, kuti pa triathlon njinga ili pakati: munthu amaikwera atatopa kale ndi madzi, ndipo akatsika pa chishalo ntchito yowawitsa ikadali kutsogolo. Wopikisana pa njinga yokha angathe kudzikhuthula yense pa chitunda chomaliza, nagwa atadutsa mzere, anzake namunyamula. Koma wa triathlon alibe ufulu umenewo, ndipo wogulitsa nsomba wa ku Chilwa alibenso, pakuti iye akafika pa Songani ayenera kuima padzuwa akutsatsa malonda, nabwerera kwawo madzulo, napitanso kudimba, nadzuka mawa lake tambala asanalire. Mu February 1982, pa Ironman ya ku Hawaii, Julie Moss anali patsogolo pa akazi onse pamene miyendo yake inakana atatsala mamita ochepa. Anagwa, nadzuka, nagwanso, natsiriza chokwawa, Kathleen McCartney atamupitirira. Anthu anatamanda kulimba mtima kwake, ndipo kunali koyenera kutero. Koma chimene ine ndimaona m'nkhaniyo n'chakuti thupi lili ndi malire amene mtima wolimba sungawasunthe, ndi kuti munthu amagonja maola ambiri asanagwe pansi.

Ndisamveke ngati ndikuti chitunda chikweredwe mwaulesi, ayi ndithu, pakuti masamu ake akunena zosiyana ndi zimenezo, ndipo ndipempha awerengi adekhe nawo pang'ono. Tiyerekeze kuti munthu ali ndi makilomita 5 okwera ndi makilomita 5 otsika, ndipo pokwera akuyenda makilomita 10 pa ola, potsika makilomita 40 pa ola. Wofulumira kuyankha adzati liwiro la ulendo wonse ndi 25, koma walakwa, pakuti pokwera munthuyo watha mphindi 30, potsika mphindi 7 ndi theka zokha, kotero kuti makilomita 10 amutengera mphindi 37 ndi theka, ndiko kunena makilomita 16 pa ola. Nthawi imathera pachitunda, ndipo matsitso sabweza zonse zimene chitunda chatenga. Tsono munthu yemweyo akaonjeza liwiro lake pokwera kuchoka pa 10 kufika pa 11, wapulumutsa mphindi pafupifupi zitatu. Koma akaonjeza potsika kuchoka pa 40 kufika pa 44, wapulumutsa masekondi 40 okha, chonsecho walipira zambiri, chifukwa pa liwiro lalikulu mdani wa wopalasa ndi mpweya, ndipo mpweya umakaniza moonjezereka kotero kuti wofuna kuwirikiza liwiro kawiri ayenera kuwirikiza kasanu ndi katatu mphamvu yolimbana nawo. Pachitunda mdani ndi kulemera, ndipo kulemera kumachita chilungamo: ukaonjeza mphamvu pang'ono, liwiro limaonjezereka pafupifupi ndi muyeso womwewo. Ndiye chifukwa chake odziwa triathlon amati mphamvu yoonjezera uiike pokwera ndi pamene mphepo ikukuomba kumaso, monga mwera umachitira m'miyezi ya June ndi July, ndipo potsika ndi pamene mphepo ikukukankha upumule.

Funso lenileni lili pa muyeso wa kuonjezako, ndipo apa ndi pamene anyamata athu amasokera. Aphunzitsi a masewerowa amayeza mphamvu imene munthu angaisunge kwa ola limodzi lathunthu akudzipereka yense, ndipo pa ulendo wa makilomita 180 amalangiza munthu wamba kuti ayende pa magawo pafupifupi 7 mwa magawo 10 a mphamvu imeneyo, nakwezako pang'ono pachitunda, koma osadutsa muyeso wa ola limodziwo kupatula kwa kanthawi kochepa kwambiri. Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka thupi. Thupi limasunga shuga wofulumira kugwira ntchito m'minofu ndi m'chiwindi, wokwanira ola ndi theka kapena maola awiri a ntchito yolimba. Limasunganso mafuta, amene ndi ochuluka koma amapereka mphamvu pang'onopang'ono. Munthu akamapalasa modekha thupi limatapa konsekonse, koma akafika pobanika limatsamira pa shuga uja, nilimutha msanga, ndipo mphindi ziwiri za ukali pachitunda zimadya zimene mphindi zambiri za kudekha zikadasunga. Mphamvuzi zili ngati chimanga cha m'nkhokwe: banja limene limaphika mopitirira muyeso mu June chifukwa nkhokwe ikuoneka yodzaza limadzagona ndi njala mu February, ndipo njalayo siinabadwe mu February, inabadwa mu June. Opikisana a kunja amamanga pa njinga kachipangizo koonetsa mphamvu imene miyendo ikutulutsa, ndi kena pachifuwa kowerenga kugunda kwa mtima. Ife tilibe zimenezo, koma Mlengi anatipatsa muyeso wosagula, ndiwo mpweya wathu. Ngati pokwera ungathe kuyankha moni wa munthu wa m'mbali mwa msewu ndi kumufunsanso za kunyumba osadukiza mawu, uli m'malire ako. Ngati ukungotha kugwedeza mutu, ukudya za madzulo.

Taonani mmene wachikulire uja amakwerera kuchokera pamlatho, pa chitunda chimene sichifuna kuti atsike. Akamatsikira kumtsinje amaponya maso kutsogolo, ndipo ngati msewu uli poyera amamasula mabuleki atatsala pang'ono kufika pansi, kuti liwiro la matsitso limunyamule chigawo choyamba cha chitunda kwaulere. Liwirolo likayamba kutha salimbana nalo kuti alisunge, koma amalilola lipite, nakhazikika pa chishalo, manja atagwira handulo mosaumitsa, mapewa ali phee, nayamba kupalasa pa muyeso umene woona angati ndi wochepa kwambiri. Pamenepo mnyamata uja amamudutsa ngati mphepo, ataimirira, tcheni chikulira. Koma pakati pa chitunda mnyamatayo wayamba kukhotakhota, akudula msewu uku ndi uku kuti apeze popumira, ndipo pofika pamwamba amaleka kupalasa, nazolika mutu, njinga ikukwawa pamalo pamene ikadayenera kuthamanga. Wachikulire, amene anasunga kanthu, amaonjeza mphamvu m'chigawo chomaliza, ndipo akafika pamwamba saleka pomwepo, koma amapalasabe mpaka njinga itatenga liwiro la kutsetsereka, ndipo apo ndi pamene amapumula, akuyenda. Nthawi zambiri amamudutsira pamenepo mnyamata uja, osanena kanthu. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Ndipo aphunzitsi a triathlon amene amauza ophunzira awo kuti ayambe chitunda mofatsa natsirize molimba, osaleka kupalasa pansonga, sakunena china choposa chimene bambo ameneyu amachita tsiku ndi tsiku ndi dengu la matemba pa keliyala.

Pa nkhani ya kutsika ndi kukankha ndifuna ndiimepo nji, chifukwa m'pamene manyazi amatipweteketsa. Njinga ya mpikisano imalemera makilogalamu osakwana 10 ndipo ili ndi magiya ambiri, kotero kuti mwini wake angasunge miyendo ikuzungulira maulendo 80 kapena 90 pa mphindi ngakhale pachitunda. Njinga zathu zambiri zonyamulira katundu zimalemera kawiri kuposa pamenepo ndipo zili ndi giya imodzi. Munthu wa makilogalamu 60 pa njinga ya makilogalamu 20 akukweza makilogalamu 80. Akamanga matumba awiri a mpunga a makilogalamu 50 lililonse akukweza 180, ndiko kuposa kawiri, pa giya yomweyo ndi maondo omwewo. Pamene liwiro latsika kufika pa la munthu woyenda pansi, ndipo pedulo lililonse likufuna kuti thupi lonse liligwere, kupalasa kwasanduka kudzipweteka kopanda phindu, pakuti wokankha afika pamwamba nthawi yofanana kapena kuchedwerapo pang'ono, mpweya uli bwino, maondo ali bwino, tcheni ndi masipoko zili bwino. Onyamula makala amene timawaona akukankha njinga zawo m'zitunda za ku Machinga sachita zimenezo chifukwa cha kufooka. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ndipo mnyamata amene akukana kutsika chifukwa atsikana a pachitsime akumuona adzafika zaka 40 akutsimphina, atsikanawo atamuiwala kale. Amakaniko athu a pamsika angathandizenso pomuikira wonyamula katundu sipuloketi ya kumbuyo ya mano ochulukirapo, imene imachepetsa liwiro pamalo osalala koma imapeputsa pedulo pachitunda, ndipo kwa munthu wa m'njira ya ku Chilwa kusinthana kumeneko n'kopindulitsa.

Za kudya ndi kumwa lamulo ndi lalifupi: idya usanamve njala, imwa usanaume kukhosi. Opikisana pa mitunda yaitali amadya magalamu 60 mpaka 90 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse, kuyambira ola loyamba, ndipo amadyera pamalo osalala kapena potsika pang'ono, osati pakati pa chitunda pamene mpweya uli wochepa. Kwa ife muyeso umenewo ndi nthochi ziwiri kapena zitatu, kapena mbatata yophika, chinangwa, zitumbuwa, nzimbe. Ndipo thobwa, limene lili ndi madzi ndi chakudya pamodzi, silichepa pamaso pa zakumwa zodula za m'mabotolo. M'miyezi ya October ndi November, pamene chigwa cha Chilwa chimatentha kuyambira m'mawa, munthu wogwira ntchito yolimba angataye lita imodzi ya thukuta pa ola kapena kuposa, pamodzi ndi mchere wa m'thupi, ndipo kachasu amene ena amati amachotsa kutopa amangoonjeza kuuma ndi kuchotsa nzeru za pamsewu. Abale athu Achisilamu, amene ndi ambiri m'dera lino la Mfumu Malemia, akamasala m'mwezi wa Ramadan sadya kapena kumwa kuyambira m'bandakucha kufikira kulowa kwa dzuwa. Kwa iwo kugawa mphamvu si nkhani ya mpikisano koma ya moyo, ndipo nzeru ndi kunyamula zolemera m'mamawa kukadali kozizira, n'kusiya zopepuka ndi zapafupi kuti zikhale za masana.

Potsika ndinenepo mawu ochepa. Katundu amene anakuvutitsa pokwera ndi yemweyo amene adzakukankha potsika, ndipo mabuleki a njinga zathu amafooka mvula ikagwa. Gwira mabuleki usanalowe pokhota, osati uli pakati pake; ndipo kumbukira kuti pa M3 pamayenda maminibasi ndi malole amene sadzakupatukira. Masekondi 40 aja sayenera kugulidwa ndi moyo wa munthu.

Ndikudziwa kuti wina adzanditsutsa, ndipo mawu ake ndi olemera. Adzati: bambo, inu mukulankhula za anthu okhuta amene amapalasa pofuna mendulo, koma ife timapalasa kuti ana adye, ndipo wofika msanga pa siteji ndi amene amatenga kasitomala wina, makamaka masiku ano pamene njinga zamoto zatilanda ntchito, nsomba zaziwisinso sizidikira munthu wodekha. Adzaonjezanso, ngati amatsata masewero, kuti mu September 2023, pamene mpikisano waukulu wa Ironman wa amuna unachitikira ku Nice m'dziko la France, pa njira ya mapiri imene kukwera kwake konse kunali mamita pafupifupi 2,400, kuposa kutalika kwa phiri la Zomba kuchokera pa nyanja yamchere, amene anapambana ndi Sam Laidlow, munthu amene anawathawa anzake pa njinga. Zonsezi n'zoona. Koma Laidlow atatsika pa njingayo anathamangabe makilomita 42 m'maola osakwana atatu, ndipo zimenezi zikutiuza kuti liwiro limene kwa ena likadakhala ukali, kwa iye linali m'kati mwa muyeso umene anaumanga kwa zaka zambiri. Sanadutse malire ake. Malire akewo ndi amene anali patali. Kwa mnzanga wa pa siteji ndikuti phindu la kabaza siliwerengedwa pa ulendo umodzi koma pa tsiku lathunthu, pa sabata, pa chaka. Ndipo amene wapulumutsa mphindi ziwiri m'mawa n'kukhala pansi pa mtengo masana onse miyendo ikunjenjemera, kapena kugona kunyumba masiku atatu bondo litatupa, wagonja kwa mnzake amene anayenda mofanana kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Njinga yamoto simungaipose pa liwiro, ngakhale mutadzipha. Mungaipose pa mtengo, pa kusamala ndi pa kukhulupirika, ndipo zimenezi zimafuna munthu amene mawa adzakhalaponso. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Ndikadakondwa kuona akuluakulu a masewero m'boma la Zomba atatembenuzira maso awo kwa anthu amenewa. Ku Mulanje onyamula katundu wa alendo m'phiri ali ndi mpikisano wawo wa chaka ndi chaka, umene unasandutsa ntchito yonyozeka kukhala chinthu cholemekezeka. Ndipo mu 2024 Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana zigawo zitatu za Tour de France, kuonetsa kuti mwana wa mu Africa muno angaime pakati pa akatswiri a njinga. M'nyanja ya Chilwa sitingatumizemo ana athu kukasambira mpikisano, chifukwa cha matope, mabango ndi likodzo, koma ulipo mtundu wina wa mpikisanowu umene munthu amathamanga, napalasa, nathamanganso, ndipo njira yochokera kunyanja kudzera pa Songani kukwera mpaka ku Ku Chawe ingayese munthu mokwanira. Mpikisano wotere, umene suthera pa njinga, ungaphunzitse anyamata m'tsiku limodzi zimene malangizo a chaka chonse alephera, pakuti onse adzaona ndi maso awo kuti wotsogola pachitunda choyamba si amene watsogola pomaliza. Ndipo m'makomiti a kabaza a m'masiteji athu, mmene muli kale malamulo a ndalama ndi a mizere, akuluakulu apatsidwe mpata wolangiza obwera kumene za kakweredwe ka chitunda, monga amawalangizira za mitengo ya maulendo.

Koma mawu anga otsiriza apite kwa inu ndi ine amene timakhala pa keliyala. Ndife amene timati, "Tapalasani, achimwene, ndichedwa kumsika," titakhala phee pa khushoni, katundu ali pamiyendo, osaganiza kuti mtima umene ukugunda patsogolo pathupo ndi wa mwana wa munthu. Wopalasa akati, "Pepani mayi, tatsikani pang'ono tikwere kaye apa," musamuyese waulesi, musamuchotsere ndalama, ndiponso musamuuze kuti mnzake uja amakwera osatsitsa munthu. Tsikani, yendani naye mamita ochepawo, ndipo mukafika pamwamba mumulipire zonse zimene munagwirizana.